Mbuzi Yapita, Kanema Watsala

Lamlungu, pa 3 mwezi wa Mangsir

Moni nonse a m'chigwa cha Marin, a kumtunda ndi a kunsi komwe. Yakwana nthawi ya zilengezo pa wailesi yanu. Amene mukupuntha mpunga imani kaye, chifukwa sitibwereza.

A Tek Bahadur Mijar a ku Simle, mwana wa malemu Harka Mijar, akudziwitsa abale ndi abwenzi a ku Simle, ku Bhalukhop ndi ku Dumrebesi kuti mbuzi yawo yasowa. Ndi yamphongo yofula, yakuda, ya banga loyera pachipumi, khutu lakumanzere long'ambika. Inasowa Lachisanu masana, banja lonse lili kumunda kodula mawere. Chingwe sichinaduke, chinachita kumasulidwa, choncho nyalugwe musamunamizire. Mbuziyi ankaisungira ukwati wa mwana wawo Rojina, umene uliko pa 24 mwezi uno. Amene waiona, kapena amene wadya nyama yosadziwika kochokera, akauze a Tek Bahadur. Chilengezochi chachokera kwa a Tek Bahadur Mijar, ku Simle, kumtunda kwa chigayo.

Lolemba, pa 4 Mangsir

Mayi Batuli Mijar a ku Simle, mkazi wa malemu Harka Mijar, mayi wawo wa a Tek Bahadur amene analengeza za mbuzi dzulo, akudziwitsa mwana wawoyo, pamodzi ndi onse amene ayamba kusuzumira m'makola a anzawo, kuti mbuzi sinasowe. Anaimasula ndi iwo. Akuti anailera okha kuyambira ili kamwana, ndipo munthu saba mbuzi yake.

Mbuziyo ili kwa a Netra Bhujel, oyendetsa thirakitala a ku Bhalukhop. Anaisinthanitsa ndi foni yakale ya a Netra, yosweka galasi, imene inkangokhala m'bokosi la zitsulo. Akuluakulu a m'chigwa chino foniyo mukuidziwa. Kwa inu amene simukudziwa, nkhani yake ndi iyi, ndipo tiinena kamodzi kokha. Zaka zisanu ndi zinayi zapitazo njati ziwiri zoweta za a Chhabilal Thapaliya zinafa sabata imodzi. Sing'anga analoza nyumba ya mayi Batuli. Amuna anawakokera pansi pa mkuyu wa pamphambano dzuwa lili paliwombo, anawameta mpala, anawapaka mwaye kumaso, anawaveka nsapato zakutha m'khosi, akuwatchula mfiti. A Netra anaimirira pa thirakitala n'kujambula. Kanemayo anafika kwa a Anjana Yonjan, olemba nkhani a ku tauni, ndipo iwo anamuika pa tsamba lawo la pa intaneti. Apolisi anabwera, a Chhabilal anakakhala kundende miyezi isanu ndi itatu. Tsitsi linamera, mwaye unachoka, koma kanema anatsala.

Tsopano Rojina akukwatiwa ndi Nirajan Ramtel wa ku Dumrebesi. Pa ukwati wa kuno, woyamba kusambitsa mapazi a mkwatibwi amakhala wamkulu wa banja, ndipo kwa a Mijar wamkulu ndi mayi Batuli, amenenso anamulera mwanayu mayi ake atamwalira. A kuchimuna anatumiza uthenga kuti zimenezo sizitheka, pakuti abale awo anamuona kanema uja ndipo sakufuna manja amenewo m'madzi a ukwati.

Choncho Loweruka m'mawa mayi Batuli anatsikira ku mtsinje wa Marin, pamalo otenthera maliro. Foniyo anaiphwanya ndi mwala, anaiponya pakati pa madzi, kenako anasamba ndi zovala zomwe monga amachitira anthu ochokera kumaliro. Akudziwitsa banja la a Ramtel kuti kanema uja wafa, beseni losambitsira mapazi akonze. Ife tinayesa kuwafotokozera mmene zinthuzi zimayendera, koma anati tilembe zimene atiuza basi.

A Tek Bahadur anawapeza mayi awo muno akutiuza zimenezi.

"Amayi, mbuzi ya ukwati mwasinthanitsa ndi chigoba?"

"Ndasinthanitsa ndi nkhope yanga."

"Nanga alendo adya chiyani?"

"Adye mphodza. Atate ako anandikwatira ndi mphodza, kodi iwe sunabadwe?"

Tinawauza kuti akapitirize panja. Chilengezochi chachokera kwa mayi Batuli Mijar, ku Simle.

Lachitatu, pa 6 Mangsir

A Dambar Ramtel ndi akazi awo a Kaushila, a ku Dumrebesi, makolo a Nirajan, akudziwitsa banja la a Mijar kuti amva chilengezo cha Lolemba, ndipo apepesa za mbuzi. Koma kanema sanafe. Mkamwini wawo wa ku Qatar wawatumiziranso m'mawa uno, ndipo mlongo wa a Kaushila amene ali ku Malaysia naye ali naye. Akuti iwo za ufiti sakhulupirira, nyumba yawo ndi ya anthu a sukulu, ndipo akudziwa kuti mayi Batuli anachita kulakwiridwa. Vuto ndi lakuti pa ukwati munthu aliyense amanyamula foni m'mwamba. Wina adzajambula agogo atawerama pa beseni, wina adzalumikiza ndi kanema wakale uja, ndipo Rojina adzatchedwa mdzukulu wa uja moyo wake wonse, m'mudzi mwa eni. Mawu awo ndi awa: ukwati ulipo pa 24. Kanema akachoka pa intaneti, beseni ndi la agogo. Akapanda kuchoka, agogo akhale m'nyumba, chakudya adzawapititsira. Chilengezochi chachokera kwa a Dambar Ramtel ndi banja lonse, ku Dumrebesi.

A Ratna Kaji Shrestha, okonza mafoni pa msika wa Dumrebesi, akudziwitsa anthu onse kuti asiye kudzaza pakhomo pawo. Chiyambire Lolemba anthu akubwera kuti awapezere kanema wa ku Simle, ena oti anali asanamvepo n'komwe. Iwo ntchito yawo ndi kukonza mafoni, si kuonetsa kanema. Akudziwitsanso banja la a Mijar kuti mayi Batuli anafika kwa iwo dzulo, atayenda pansi kuchokera ku Simle, ndipo anawafunsa kuti ngati kanemayo sankakhala m'foni ya Netra, kwawo n'kuti, apiteko.

"Bajai, agogo anga, kanemayo alibe kwawo," anawayankha a Ratna. "Ali ngati njere za chisoso. Aliyense amene anadutsa m'munda anatuluka nazo pa zovala."

"Chabwino. Nanga munda ndi wa yani?"

"Wa a Anjana."

"Basi ya ku tauni imanyamuka nthawi yanji?"

A Ratna anawapatsa tiyi n'kuwakweza thirakitala yobwerera ku Simle, chifukwa basi inali itapita. Akupempha a pabanja kuti asamawalole agogowa kuyenda okha mtunda wotere. Chilengezochi chachokera kwa a Ratna Kaji Shrestha, pa msika wa Dumrebesi, moyang'anizana ndi ogulitsa nsalu.

Lachisanu, pa 8 Mangsir

Chilengezo ichi chinabwera masamba atatu. Tiwerenga pofunika pokha.

A Chhabilal Thapaliya a ku Simle, amene akupikisana nawo pa mpando wa wapampando wa komiti ya nkhalango pa chisankho cha pa 20 mwezi uno, akuitana anthu onse a ku Simle ndi ku Bhalukhop ku mwambo wa chiyanjano Lamlungu pa 10, pansi pa mkuyu wa pamphambano. Adzawafunditsa mayi Batuli Mijar nsalu yaubweya pamaso pa anthu. Onse awiri adzadinda zala pa pepala la chiyanjano, mboni zisanu zili pomwepo, ndipo nkhani idzathera pamenepo monga makolo ankathetsera milandu. Pepala likadindidwa, wotchulanso nkhaniyo ndiye wolakwa, ndipo a Anjana Yonjan adzayenera kuchotsa kanema ndi nkhani yonse pa tsamba lawo. A Chhabilal akuti chilango anagwira, ndipo munthu salangidwa kawiri pa mlandu umodzi. Akuti dzina lawo ukalilemba pa foni, chimatuluka ndi chimenecho chokha, osati mlatho umene anathandiza kumanga, ndipo mwana wawo amene akuphunzira kunja amabisa dzina la bambo wake. Akuti iwo ndi mayi Batuli akufuna chinthu chimodzi. Tiyi adzakhalapo. Chilengezochi chachokera kwa a Chhabilal Thapaliya, ku Simle.

Mayi Batuli Mijar anaimva kale nkhaniyi dzulo, ndipo yankho lawo ndi lalifupi. Pansi pa mtengo umenewo anakhalapo kamodzi, kwawakwana. Nsalu yaubweya a Chhabilal afunde okha, kukuzizira. Koma pa mawu amodzi bamboyo wanena zoona, kuti iwo ndi iye akufuna chinthu chimodzi, ndipo chiyambire kumva zimenezo mpunga sukuwatsika pakhosi. Chilengezochi chachokera kwa mayi Batuli Mijar, ku Simle.

Lamlungu, pa 10 Mangsir

A Anjana Yonjan, mwana wa a Lal Singh Yonjan a ku Bhalukhop, amene amalemba nkhani ku tauni, akudziwitsa onse amene akhala akuwaimbira foni sabata ino, opempha ndi oopseza omwe, kuti kanema sachoka. Akuti pepala la chiyanjano limamanga amene adindapo zala, ndipo iwo chala chawo sichikhalapo. Asanaike kanema uja, amayi atatu a m'chigwa chino anametedwapo mpala pa mlandu wa ufiti, palibe amene anamangidwa, ndipo lero palibe amene angatchule mayina a ometawo. Chimuikireni, palibe mayi wina amene wakokedwa. Akutinso anthu amene akukasankha wosunga nkhalango yawo ali ndi ufulu wodziwa zimene manja ake anachitapo. "Ndikachotsa lero chifukwa wapempha wolakwiridwa, wapindula ndi wolakwa, ndipo mawa aliyense wa ndodo adzabwera ndi pepala lake." Kwa mayi Batuli akuti mtima ukuwawawa, ndipo khomo ndi lotsekula, bola abwere okha, osaperekezedwa ndi anthu a a Chhabilal. Chilengezochi chachokera kwa a Anjana Yonjan, ku tauni, pamwamba pa sitolo ya mabuku.

Amene munapita ku mkuyu lero mukudziwa kale kuti mayi Batuli sanabwere, ndipo tiyi anamwedwa.

Lachiwiri, pa 12 Mangsir

Gulu la amayi a ku Simle ndi ku Bhalukhop likudziwitsa mamembala amene anatsalira kumunda kuti msonkhano wa dzulo unachitika m'nyumba ya gulu, ndipo unatha popanda chogwirizana. Nkhani inali yoti gulu lilembe kalata kwa a Anjana Yonjan yopempha kuti achotse kanema. Mlembi wapempha kuti tiwerenge mmene zinayendera, chifukwa aliyense akunena zake kuchitsime.

Poyamba onse anavomera. Pepala linali kale patebulo pamene mayi Suntali Pariyar a ku Bhalukhop, amene amuna awo anamwalira chaka chatha, anaimirira kumbuyo. Anati mwana wa anansi awo akudwala mwezi wachiwiri tsopano, ndipo anthu ayamba kusiya kulankhula iwo akamadutsa. Sabata yatha anapeza mandimu odulidwa ndi tsabola, zopirikitsira mfiti, pakhomo pawo.

"Didi, akulu anga," anatero kwa mayi Batuli, "chimene chikuwagwira manja anthu amenewo ndi kanema wanuyo. Ndinamva ndekha mwamuna wina akuti, tisachite za ku Simle, tingaonekere pa foni. Mukamuchotsa, ine ndigona kuti?"

Mayi Batuli anati, "Ndiye ine ndikhale chidole choopsezera anyani m'munda mwako mpaka liti, mng'ono wanga? Zaka zisanu ndi zinayi ndaima padzuwa. Chidole nacho chimatopa."

"Tsitsi lanu linamera, didi. Langa likadali pamutu, ndikufuna likhale pomwepo."

Mayi wina anati a Ramtel ndiwo ofunika kuwalembera kalata, chifukwa sukulu yawoyo inathera pakhomo pa kalasi. Mlamu wa a Kaushila Ramtel, amene ndi membala, anayankha kuti aliyense ndi wolimba mtima pa ukwati wa mwana wa mnzake. Wina anati ndiye ukwatiwo uthe. Mayi Batuli anamenya ambulera pansi.

"Ukwati wa mwanayu musaukhudze. Amamukonda mnyamatayo, mutu wake wonga dzungu womwewo. Ine ndapempha madzi a m'beseni basi, sindinapemphe nkhondo."

Wapampando anafunsa amene akufuna kalata kuti akweze manja. Anakweza ochepa, ndipo ataona mayi Suntali akulira, anatsitsa. Mayi Batuli sanakweze. Anawapatsa mayi Suntali nsonga ya nsalu yawo kuti apukute maso, n'kuwauza kuti asiye kufwenthera ngati mwana. Gulu lagwirizana chimodzi chokha, kuti amayi awiriawiri azikacheza kwa mayi Suntali tsiku lililonse, anansi aziona. Chilengezochi chachokera kwa mlembi wa gulu la amayi a ku Simle ndi ku Bhalukhop.

Lachisanu, pa 15 Mangsir

Mayi Batuli Mijar a ku Simle akudziwitsa mwana wawo Tek Bahadur, banja la a Ramtel ndi gulu la amayi kuti dzulo anapita ku tauni pa basi ya m'mawa, okha, ndipo anaonana ndi a Anjana Yonjan. Apempha kuti tiwerenge zonse, pakuti atopa kufotokozera munthu mmodzimmodzi.

Makwerero a kwa a Anjana ndi ambiri ndipo anapuma kawiri. Atafika, a Anjana anawerama n'kuwagwira mapazi, anayamba kufotokoza za ufulu wolankhula. Mayi Batuli anawadula.

"Mwanawe, zimenezo ndinamva pa wailesi. Ndionetse kanemayo."

"Ama, mayi anga, simunamuonepo?"

"Ndikanamuonera chiyani? Ndinalipo."

A Anjana anakana kawiri, kachitatu anatsekula. Mayi Batuli anavala magalasi a malemu amuna awo n'kuonera kuyambira poyamba mpaka pomaliza, osaphethira. Atatha anati abwereze. Ulendo wachiwiri ankaloza ndi chala.

"Uyu ndani?"

"Ndinu, ama."

"Uyu?"

"Ndinu."

"Nanga uyu wa mano panja ngati galu wakufa?"

Mayi Batuli anadziyankha okha.

"Ndi inenso. Tsono iwe ukuti ukusunga chinthu ichi kuti amuna aja achite manyazi. Ali kuti? Ndikuona misana, ndikuona manja, ndikuona lumo. Chhabilal watulukira kamodzi, kanthawi komezera mate, chipewa chili bwinobwino pamutu ngati akupita ku ukwati. Kwina konseku ndi nkhope yanga. Pamwamba walembapo dzina la yani?"

"Lanu, ama. Ndi mudzi wanu."

"Ndiye wakhala ukulanga yani zaka zonsezi?"

Mayi Batuli akuti mtsikanayo analira, ndipo iwo anamuuza kuti misozi ya sabata ino yawakwana. Akuti samuda. Pamene mudzi wonse unaima n'kumaonerera, amene anakwera basi kubwera ku Simle ndi mafunso anali yekhayu, ndipo zimenezo saziiwala. Anagwirizana chotere: nkhani ikhale, dzina la a Chhabilal likhale, nkhope yawo ndi mawu awo akulamula kuti lumo libwere zikhale, kuti anansi a mayi Suntali azionabe. Koma nkhope ya mayi Batuli iphimbidwe, dzina lawo lifufutidwe, palembedwe kuti mayi wina wamasiye. A Anjana anavomera, ndipo anawachenjeza kuti mphamvu yawo ithera pa tsamba lawo lokha. Mayi Batuli anati aliyense amasesa pakhomo pake, ayambe ndi pamenepo. Akupempha a Ramtel kuti ayang'anenso pa mafoni awo Lolemba. Chilengezochi chachokera kwa mayi Batuli Mijar, ku Simle.

Lolemba, pa 18 Mangsir

A Anjana Yonjan akudziwitsa mayi Batuli Mijar kuti zimene anagwirizana zachitika. Pa tsamba lawo nkhope yaphimbidwa ndipo dzina lachoka. Koma atafufuza apeza kanema yemweyo, wosaphimba, pa masamba ena khumi ndi limodzi, ena a anthu a kunja amene anaikamo nyimbo ndi mawu oseketsa. Onse awalembera. Ayankha awiri. Mmodzi wachotsa, winayo wafunsa ngati pali kanema wina wotere. A Anjana akuti apitiriza kulemba, koma sanganame kuti zitha pasanafike pa 24, kapena kuti zidzatha n'komwe. Chilengezochi chachokera kwa a Anjana Yonjan, ku tauni.

A Dambar Ramtel akudziwitsa banja la a Mijar kuti ayang'ana monga anapemphedwa. Nkhope ikuonekabe. Mawu awo a pa 6 sanasinthe, ndipo akupempha kuti nkhaniyi isabwerenso pa wailesi, chifukwa alendo ena ayamba kufunsa ngati agogowo adzakhalepo kuti adzawaone. Oimba ng'oma adzanyamuka ku Dumrebesi tiyi wa m'mawa akatha. Chilengezochi chachokera kwa a Dambar Ramtel, ku Dumrebesi.

Lachinayi, pa 21 Mangsir

Komiti ya nkhalango ya Simle ndi Bhalukhop ikudziwitsa mabanja onse kuti pa chisankho cha dzulo a Chhabilal Thapaliya asankhidwa kukhala wapampando. Iwo akuthokoza onse amene anayang'ana kutsogolo. Masiku odula udzu ndi otola nkhuni adzalengezedwa ukwati wa kwa a Mijar ukadutsa. Chilengezochi chachokera kwa mlembi wa komiti ya nkhalango.

Lolemba, pa 25 Mangsir

A Tek Bahadur Mijar a ku Simle akuthokoza abale ndi abwenzi a ku Simle, ku Bhalukhop, ku Dumrebesi ndi a ku tauni amene anabwera ku ukwati wa mwana wawo Rojina ndi Nirajan Ramtel dzulo. Zonse zinayenda bwino, mapazi anayamba kusambitsa ndi iwo eni bambo, ndipo mkwatibwi wafika kwa apongozi ake.

Koma akudziwitsanso kuti mayi awo, a Batuli Mijar, asowa. Anthu atapita ndi mbale ya chakudya kuchipinda kwawo masana, anapeza mphasa yokulungidwa. Ndi a zaka makumi asanu ndi awiri ndi chimodzi, aafupi, owonda, oyenda mofulumira, ovala juzi yobiriwira ndi ndolo yaing'ono pamphuno. Atenga ambulera, bulangete limodzi ndi kamtsuko kamkuwa ka madzi. A Tek Bahadur afunsa kwa abale onse ndi kumtsinje komwe ayang'ana. Rojina akafunsidwa akungoti agogo ali bwino, osawonjezera. Akupempha oyendetsa mabasi ndi mathirakitala kuti akumbukire amene anawanyamula dzulo m'mawa. Akapanda kumva kanthu pofika Lachitatu, aika chithunzi cha mayi awo pa intaneti, ndi dzina ndi mudzi, kuti anthu athandize kufuna. Chilengezochi chachokera kwa a Tek Bahadur Mijar, ku Simle, kumtunda kwa chigayo.

Lachitatu, pa 27 Mangsir

Lero tili ndi chilengezo chimodzi. Chabwera pa foni ya sitolo ina ya kutali, ndipo tinalemba mwini wake akulankhula.

Mayi wina wachikulire akudziwitsa mwana wake wamwamuna kuti sanasowe. Wosowa ndi amene sakudziwa kumene ali, ndipo iwo akudziwa. Chithunzicho asayerekeze kuika. Akuti ngati mwanayo sanaphunzirepo kanthu mwezi wonse uno, ndiye kuti sukulu anangopitira kukadya zokazinga.

Ali kunsi, pamalo ena pamene mitsinje iwiri imakumana, pakati pa amayi okalamba amene amakhala pafupi ndi kachisi. M'mawa amasesa bwalo, masana amapota thonje la nyale, mpunga amadya kawiri. Atafika anawafunsa dzina, ndipo anapereka limene wansembe anawanong'oneza m'khutu ali khanda la masiku khumi ndi limodzi, limene ngakhale mwana wawo salidziwa. Palibe amene anatulutsa foni. Mayi wa mphasa yoyandikana nayo amaliza mkonono ndipo amabisa shuga, koma amawayang'ana kumaso ngati munthu wamba, ndipo akuti anali ataiwala mmene zimenezo zimakomera.

Kwa mtsikana wolemba nkhani akuti apitirize kulembera anthu a masamba aja akakhala ndi mphamvu, koma zimene zatsala pa tsamba lake asachotse. Kwa mng'ono wawo wa ku Bhalukhop akuti chidole chakhala m'munda, mwini wake ndiye wachoka. Azimanga tsitsi bwino ndi kuyenda pakati pa msewu.

Za mapazi akuti anene, kuti anthu asamawamvere chisoni pachabe. Tsiku la ukwati m'mamawa, oimba ng'oma asanamveke, okongoletsa mkwatibwi asanafike, mdzukulu wawo analowa m'khitchini yekha, wopanda nsapato, atavala zogonera. Anakhala pa kampando n'kuika mapazi m'beseni lotsukira mpunga.

"Agogo, fulumirani, azakhali asanadzuke."

"Mapazi ake ngati a mlimi wa mbatata. Amuna ako awaona amenewa?"

"Anawaona, sanathawe."

Anathira madzi a m'kamtsuko, anatsuka chala chilichonse monga ankachitira mwanayo ali wakhanda, anamwako pang'ono m'dzanja, otsala anadziwaza kumutu. Mtsikanayo anatulutsa foni m'thumba.

"Ndijambule kamodzi kokha, agogo, kuti ndizikumbukira."

"Bweza. Uzikumbukira ndi mapazi."

Anabweza. Choncho umboni palibe, mboni palibe, ndipo amene sakukhulupirira akhale choncho.

Pomaliza apempha wailesi ino kuti dzina lawo lisamvekenso pano, kaya pa chilengezo cha ukwati, cha msonkhano, ngakhale cha maliro awo tsiku likadzafika. Akuti apempha anthu ambiri mwezi uno kuti awaiwale, ndipo aliyense anali ndi chifukwa chabwino cholepherera. Ife chifukwa tilibe. Abale amene mudzabwere ndi pepala la dzinalo, mudzabwerera nalo.

Chilengezochi chachokera kwa mayi wina wachikulire. Mudzi sananene, ndipo ife sitinafunse.